Mankhwala opopera mbewu akalowa m'thupi: dimba lotsekeka ngalande

Munthu akamwa mankhwala opopera mbewu, kaya mwangozi kaya mwadala, pamudzi pamabuka chipwirikiti chimene ambirife tinachionapo. Wina amathamangira mkaka, wina mafuta ophikira, wina amasungunula mchere m'kapu, ndipo pamapezeka azakhali olimba mtima omupisa chala kukhosi kuti asanze. Onsewa maganizo awo ali pa mimba, poti ndi kumene mankhwalawo apita. Koma funsani namwino amene wagwirapo ntchito usiku m'wodi ya chipatala cha boma, akuuzani kuti anthu otere mimba siiwapha. Chimawapha ndi kulephera kupuma. Ena amabanika ndi madzi a m'thupi mwawo momwe m'maola oyambirira. Ena amasiya kupuma tsiku lachiwiri kapena lachitatu, abale atayamba kale kuthokoza Mulungu ndi kulongedza mapoto.

Mankhwala ndikunenawa ndi a gulu la organophosphate. Dzinalo ndi lachilendo, koma mankhwala ake ndi apakhomo. Dimethoate, amene alimi ambiri a thonje ndi tomato amamudziwa kuti Rogor, ali m'gululi. Chlorpyrifos, wogulitsidwa ndi dzina la Dursban, amene anapoperedwa kwambiri mbozi zitavuta m'chimanga m'chaka cha 2017, ali momwemo. Actellic amene timathira m'matumba kuopa anankafumbwe ali ndi pirimiphos-methyl, wa mtundu womwewu, kungoti mu ufa uja amakhalamo wochepa. Dibi wina wa ng'ombe nayenso ndi wa m'gululi. Tameki uja amagulitsidwa m'timapepala kuti ndi wa makoswe ndi wa gulu loyandikana nalo, la carbamate, koma m'thupi amawononga malo omwewo ndipo zizindikiro zake n'zimodzimodzi. Mbiri ya mankhwalawa payokha ndi chenjezo. Katswiri wa ku Germany, Gerhard Schrader, ankafufuza mankhwala ophera tizilombo pamene anatulukira tabun mu 1936, ndipo mu 1938 iye ndi anzake anapanga sarin, mpweya wankhondo umene unapha anthu m'sitima za pansi pa nthaka ku Tokyo mu 1995. Za m'sipuleya yathu ndi zofooka kwambiri poyerekeza ndi zimenezo, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana.

Kuti timvetse kagwiridweko, tiyeni tiime pa dimba lothirira ndi ngalande. Mlimi wodziwa ntchito amakonza njira ziwiri pa bedi lililonse: yolowetsera madzi ndi yotayira. Amatsegula, madzi alowe, mbewu imwe, kenaka otsalawo atuluke, nthaka ipume kudikira ulendo wina. Thupi limayenda choncho. Mitsempha yotumiza mauthenga ikafuna kuti chiwalo chigwire ntchito, imatulutsa timadzi totchedwa acetylcholine. Timadziti tikafika pa mnofu, mnofu umakoka. Tikafika pa tiziwalo ta malovu, malovu amatuluka. Tikafika pa matumbo, matumbo amayenda. Pa mtima, mtima umachepetsa liwiro. Uthenga ukangoperekedwa, timadzito tiyenera kuchoka nthawi yomweyo, ndipo ntchito yotichotsa ndi ya acetylcholinesterase, imene imatiphwanya mofulumira kwambiri, timagawo masauzande pa sekondi imodzi. Imeneyi ndiyo ngalande yotayira. Organophosphate amapita kukamata ngalande imeneyi, ya kolowera ija n'kuisiya chitsegukire. Madzi akulowabe, kotulukira kulibe.

Zotsatira zake mumaziona ndi maso wodwala akamatsitsidwa pakhomo la chipatala. Malaya anyowa ndi thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Dovu likutsika, misozi ndi mamina zikuyenda, wasanza, wadzikodzera, mwina wadzionongera. Namwino akatsegula chikope n'kuunika ndi tochi, mwana wa diso wachepa kufika pa kadontho. Mtima ukugunda pang'onopang'ono. Pathupi pakumveka fungo lokhala ngati la adyo kapena la palafini. Choopsa koposa zonse chili m'chifuwa: mapapo nawo akutulutsa madzi, tinjira ta mpweya tafinyika, ndipo kupuma kwake kukumveka kolokoto ngakhale mutaima chapatali. Thovu limene anthu amaliona kukamwa, lambiri limachokera m'mapapomo.

Amenewo ndi mabedi a kumtunda, oonekera msanga. Alipo ena. Minofu nayo imalandira uthenga kudzera m'timadzi tomweti, choncho poyamba imagwedezeka yokha pansi pa khungu, pachifuwa, pantchafu, ngakhale pa lilime. Kenaka imalefuka. Apa wolima tomato savutika kumvetsa. Tomato woima m'madzi amafota ngati wa pachilala, masamba kugwa, pamene mizu yake ili m'madzi okhaokha. Mnofu wothiridwa uthenga mosalekeza umafika poleka kumva, ndipo umodzi mwa minofu imeneyi ndi uja wa pansi pa mapapo umene umakoka mpweya. Ubongo nawo umasefukira. Wodwala amasokonezeka, amakomoka, ena amaphupha ngati akhunyu, ndipo malo a muubongo amene amalamula kupuma amatha kungozima. Choncho mpweya umatsekedwa kuchokera mbali zitatu: madzi m'mapapo, minofu yolefuka ndi ubongo wosalamula. Kwa ana aang'ono dovu ndi thukuta nthawi zina sizionekera kwenikweni. Mwana amangolefuka, kuodzera kapena kukomoka, ndipo m'dziko la malungo ngati lathu n'kosavuta kuti aliyense aganize za malungo aakulu.

Tibwerere ku mkaka ndi mchere. Palibe chilichonse mwa zimenezi chimene chimatsegula ngalande yomatidwa. Munthu amene akuyamba kukomoka sathanso kutseka bwino njira ya kumapapo pomeza, ndiye mkaka uja ndi masanzi aja zimalowa kumene siziyenera kupita. Mankhwala amadzimadziwa amasungunulidwa m'mafuta onga palafini, amene akagwera m'mapapo amaotcha, ndipo chibayo chimene chimatsatira chimapha anthu amene poizoni yekha akanawasiya. Madzi a mchere wambiri amatha kupha mwana paokha. Ngakhale kuchipatala, kutsuka m'mimba ndi paipi, kumene abale ambiri amakuona ngati ndiko chithandizo chenicheni, madokotala odziwa amakuchita pokhapokha wodwala atafika msanga, mkati mwa ola limodzi kapena awiri, komanso njira yake ya mpweya itatetezedwa. Makala a kuchipatala omwetsa odwala poizoni anayesedwa ku Sri Lanka pa anthu opitirira 4,600, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti sanachepetse imfa.

Chimene chimapulumutsa ndi jakisoni wotchipa wotchedwa atropine, pamodzi ndi okosijeni. Atropine satsegula ngalande yotayira. Amatseka pakamwa pa mabedi ena kuti madzi osefukirawo asafike pa mbewu. Akayamba kugwira, chifuwa chimauma, thukuta limaleka, mtima umakwera. Nkhani yagona pa mlingo wake. Kabotolo kamodzi kamakhala ndi miligalamu imodzi kapena kucheperapo, ndipo pa matenda ena kamodzi n'kokwana. Pa poizoniyu dokotala amayamba ndi tiwiri kapena titatu, n'kudikira mphindi zisanu. Ngati chifuwa chikadali ndi madzi, amapereka mlingo wowirikiza, kenaka wowirikizanso, mpaka m'chifuwa mutayera ndipo mtima ukugunda koposa ka 80 pa mphindi. Mukayang'ana pa tebulo la namwino usiku wotere, mupeza mulu wa timabotolo tothyoledwa khosi, makumi angapo, zala zake zitachekekachekeka ndi magalasi. Wodwala mmodzi amatha kumaliza atropine yense wa pachipatala chaching'ono. Ku Chittagong, m'dziko la Bangladesh, anayerekeza njira yowirikizayi ndi njira yakale yopereka mlingo umodzimodzi pang'onopang'ono, pa odwala pafupifupi 150. Zotsatira za mu 2012 zinati njira yakale inkatenga maola awiri ndi theka kuti chifuwa chiume, yowirikiza inkatenga mphindi 24. Pa njira yakale anamwalira 22 mwa 100 alionse, pa yatsopano 8. Mankhwala ndi omwewo, chosiyana ndi kulimba mtima kwa wopereka.

Atropine akachuluka amabweretsa zake. Wodwala amatentha thupi, khungu gwa, amabwebweta, amaona zinthu zimene palibe, amazula diripu, amafuna kuthawa. Abale akaona zimenezi amayamba kunong'onezana kuti wapenga kapena pali dzanja la munthu, ndipo ena amaganiza zomutulutsa kuti akayese kwina. Si misala. Ndi chizindikiro choti mlingo uchepetsedwe, ndipo zimatha zokha.

Pali jakisoni wachiwiri, pralidoxime, amene ntchito yake ndi kukumba chomatacho kuti ngalande itseguke. Pamapepala ndi wabwino zedi. Vuto ndi loti chomatacho chimauma. Pa mankhwala ena chimalimba m'maola ochepa, pa ena chimatenga tsiku ndi kupitirira, ndipo chikalimba palibe chochikumba. Thupi liyenera kupanga acetylcholinesterase yatsopano, ntchito ya masiku kapena masabata. Kafukufuku wa ku India wa mu 2006 anapeza kuti pralidoxime wambiri, woperekedwa msanga, amathandiza. Wa ku Sri Lanka wa mu 2009, wotsogoleredwa ndi Michael Eddleston, sanapeze phindu lililonse pa kupulumuka kwa odwala. Madokotala akadatsutsanabe. Kwa ife phunziro lake ndi losavuta: m'bale asataye mtima akamva kuti mankhwalawa palibe pachipatala, ndipo asagulitse mbuzi kuti akawasake. Tameki ndiye safuna n'komwe kukumbidwa, chifukwa chomata chake chimasungunuka chokha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, bola munthuyo apumebe mpaka nthawiyo.

Tsopano tafika pamene anthu ambiri amapusitsika. Usiku wadutsa, wodwala wadzuka, akuzindikira anthu, akupempha phala. Agadiyani aimba foni kumudzi kuti zayenda bwino. Mu 1987, madokotala awiri a ku Peradeniya ku Sri Lanka, Nimal Senanayake ndi Lakshman Karalliedde, analemba za odwala khumi amene anapulumuka chigumula choyamba kenaka n'kulefuka pakati pa maola 24 ndi 96 chimwereni mankhwala. Atatu mwa iwo anamwalira. Anautcha mkhalidwewu intermediate syndrome. Madzi a pamwamba aphwa, koma mizu inakhala m'madzi nthawi yaitali, ndipo mbewu ikufota mochedwa. Panthawiyi palibe dovu, palibe thukuta, palibe chochititsa mantha. Munthu ali maso, nzeru zake zili bwinobwino, kungoti minofu ya m'khosi, ya m'mapewa, ya kumaso ndi yopumira ikutha mphamvu. Atropine pano alibe ntchito, chifukwa mabedi a minofu si amene iye amatseka.

Pali kuyeza kwake kosafuna makina. Wodwala agone chagada, namwino amuuze kuti, "Bambo, tadzutsani mutu muuchotse pa pilo." Akadzutsa, namwino amakankha pang'ono pamphumi kuti amve mphamvu. Munthu wabwino amalimbana nalo dzanjalo. Amene akulowa m'vutoli mutu umangogwera m'mbuyo, kapena saudzutsa n'komwe, amangotukula maso. Khosi limayamba kulefuka mnofu wopumira usanalefuke, ndiye limapereka mpata wa maola angapo. Zizindikiro zina ndi zikope zogwa, kuona zinthu ziwiriziwiri, kutsamwa pomeza madzi, mawu otsika, ndi kulephera kumaliza chiganizo osapumira. Ndimaona kuti gadiyani aliyense wa wodwala wotere ayenera kuphunzitsidwa kuyezaku tsiku loyamba lomwe. M'wodi imene namwino mmodzi akuyang'anira mabedi makumi angapo usiku, amene amakhala maso pambali pa wodwala ndi mayi ake kapena mkazi wake.

Wolefuka chonchi mankhwala ake ndi amodzi: kumupumira mpaka minofu itabwerera. Amafunika paipi kukhosi ndi makina othandiza kupuma, mwina sabata imodzi, mwina masabata awiri. Mwa odwala a ku Peradeniya aja, kulefuka kunafika masiku 18 kwa wina. Akadutsa pamenepo amachira, n'kubwerera kumunda. Apa ndi pamene umphawi wa zipatala umalowa m'nkhaniyi. Makina otere amapezeka m'zipinda za odwala mwakayakaya za zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo mabedi ake ndi owerengeka, olimbirana ndi a ngozi za pamsewu ndi amayi ovutika pobereka. Kumene makina kulibe, wina ayenera kufinya thumba la mpweya ndi manja, kosalekeza, mpaka ambulansi ikafike.

Chinanso chimene chimabweza wodwala m'mbuyo ndi mafuta a m'thupi. Ena mwa mankhwalawa amakabisala m'mafuta n'kumatuluka pang'onopang'ono, ndiye munthu amene anafika akuyenda yekha amatha kudwala kwambiri mawa lake, kapena amene anauma chifuwa n'kuyambanso dovu atropine atachotsedwa. Ndipo kwa ochepa, pakapita masabata awiri kapena atatu, miyendo imayamba dzanzi, mapazi kulendewera poyenda. Izi sizipha, koma kuchira kwake ndi kwa miyezi, ndipo ena sachira kwathunthu.

Nanga amapulumuka angati? M'zipatala zambiri za kumidzi ku Asia, kumene nkhaniyi yafufuzidwa kwambiri, amamwalira pakati pa 10 ndi 20 mwa odwala 100 alionse omwa mankhwalawa. Kunena kwina, ambiri ofika kuchipatala akupuma amabwerera kwawo. Amene amafika atakomoka kale, okalamba, omwa mankhwala pamodzi ndi mowa, ndi amene masanzi alowa m'mapapo, ndiwo amakhala pa chiopsezo chachikulu. Mtundu wa mankhwala nawo umasiyanitsa. Kafukufuku wa ku Sri Lanka wa mu 2005, pa odwala pafupifupi 800, anayerekeza mitundu itatu imene inkaikidwa pa mlingo umodzi wa kuopsa kwake: umodzi unapha 8 mwa 100, wina 16, wina 23, ndipo nthawi imene ngozi inkafika inalinso yosiyana. N'chifukwa chake botolo kapena pepala la mankhwalawo liyenera kupita limodzi ndi wodwala. Si onse ophera tizilombo ali a gulu ili. Mapilitsi osungira chimanga ndi mankhwala opha udzu ndi ena, ndipo atropine sawagwira.

Choonadi nachonso chiyenera kupita limodzi. Kwa zaka zambiri malamulo a Malawi akhala akuwerenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo manyazi ndi mantha a apolisi zimachititsa mabanja kuchedwa kapena kunena kuti "anangogwa mwadzidzidzi." Dokotala akamafufuza malungo ndi shuga, mphindi zikutha. Lamulo limene limachititsa mayi kuganiza kawiri asanaitane galimoto, ine sindiliona phindu lake.

Ambiri omwa mwadala sakhala atakonzekera kwa nthawi yaitali. Ku Sri Lanka ofufuza anafunsa opulumuka, ndipo oposa theka anati sipanadutse mphindi 30 kuchokera pamene ganizolo linabwera. Mkangano wa m'banja, ngongole ya katapila, mowa, botolo lili pawindo. Dzikolo linayesa kugawa mabokosi okiya osungiramo mankhwala m'midzi yambiri, ndipo zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti sizinasinthe kanthu. Mwini kiyi ndi yemweyo wokwiyayo. Chimene chinagwira ntchito ndi kuchotsa mankhwala oopsa kwambiri pamsika. Analetsa parathion mu 1984, monocrotophos ndi methamidophos mu 1995, ndipo pakati pa 2008 ndi 2011 anachotsa dimethoate, fenthion ndi paraquat. Chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti m'zaka 20, ofufuza akuti anthu pafupifupi 93,000 anapulumuka, ndipo zokolola sizinatsike. Anthu sanasiye kukangana kapena kumwa mankhwala. Amene ankamwa anali oti chipatala n'kuwagonjetsa. Bungwe lathu la Pesticides Control Board lili ndi chitsanzo choti n'kutengerapo.

Za ngozi nazo zilipo, ndipo zimagwera ana. Ku Bihar, m'dziko la India, ana 23 a sukulu anamwalira mu July 2013 atadya chakudya chophikidwa ndi mafuta osungidwa m'chigubu chimene munali monocrotophos. Ku Naledi, ku Soweto, ana asanu ndi mmodzi anamwalira mu October 2024, ndipo boma la South Africa linati chinawapha ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene amagulitsidwa m'misewu ngati a makoswe. Abale athu okhala ku Joni amawadziwa. Kwathu kuno njira zake ndi zodziwika: mankhwala ogawana m'botolo la zakumwa, chigubu chotsukidwa n'kumatungira madzi, dibi wopaka m'mutu mwa mwana chifukwa cha nsabwe kapena wowaza pa mphasa chifukwa cha nsikidzi. Mankhwalawa amalowa pakhungu. Mlimi wopopera masana dzuwa likuswa mtengo, sipuleya ikudontha kumsana, akabwera kunyumba akudandaula mutu, nseru ndi maso achimbuuzi, ameneyo si kutopa.

Zikachitika pakhomo panu, musamumwetse kanthu ndipo musamusanzitse. Valani majumbo m'manja, mumuvule zovala zonyowa mankhwala, mumusambitse ndi sopo ndi madzi ambiri ngati sizikuchedwetsani. Mugonekeni cham'mbali, chakumanzere, mutu utatsika pang'ono kuti dovu ndi masanzi zizitulukira kunja. Wokomoka akakhazikidwa pakati pa anthu awiri pa njinga ya kabaza, chibwano chitagwera pachifuwa, njira ya mpweya imatsekeka. Ngati pali galimoto kapena ngolo, agone, ndipo ngati palibe, wa kumbuyo amugwire chibwano chikhale chotukuka. Mukafika, nenani chimene wamwa ndi nthawi yake, perekani botolo.

Ndipo inu agadiyani, akadzuka n'kuyamba kulankhula, musafulumire kupempha kuti atuluke. Pa organophosphate, masiku anayi oyamba asanathe ngozi ikadalipo. Maola angapo alionse muuzeni adzutse mutu pa pilo. Akalephera, kaya ndi pakati pa usiku, kadzutseni namwino. Ngati anamwa mwadala, asanachoke m'chipatala pemphani kuti aonane ndi wa uphungu kapena wa matenda a maganizo, ndipo wina atsogole kunyumba akachotse mabotolo onse otsala.